Ndikangoyetsemula mkodzo unkathawa, mpaka ndinakapimitsa

Mwana wanga anabadwa ndi makilo 4.1, woyamba, ndinang'ambika nkusokedwa. Bala linapola bwinobwino koma vuto linatsala ndi la mkodzo, ndikangoyetsemula kaya kuseka kwambiri basi kabudula wanyowa. Mu kombi yochokera ku Highfield kupita mtauni ku Harare ndinkachita kupemphera kuti dalaivala asagunde bampu. Apongozi anga, omwe makolo awo anachokera ku Dedza, anati mwanawe manga chitenje pamimba, ukhalire madzi amchere, zimatha zokha. Ndinamanga ndithu koma chitenje chimagwira mimba, pomwe vuto lili pansi.

Pa cheki apu ya masabata 6 ndinachita manyazi sindinanene. Ndinadzaulula mwana ali ndi miyezi 3, tsiku la sikelo, ndipo asisita anandilembera kalata yoti ndikaonane ndi a fiziyo.

Poyamba ndi mafunso okhaokha. Mkodzo umatuluka nthawi yanji, mukatsokomola kapena mukangomva kuti wakupanani simufika kuchimbudzi? Mphweya mumatha kuugwira? Nanga chimbudzi? Mumamva ngati chinthu chikulemera kumusi? Apa ndinaseka ndi manyazi koma iwo nkhope ili gwa, akulemba. Akuti mafunso akumbuyowo ndi ofunika chifukwa kung'ambika kuli ndi madigiri 4, ndipo ya 3 ndi ya 4 imafika pa mnofu wotseka kotulukira chimbudzi. Yanga pakhadi analemba 2. Khadi lija musalisiye kunyumba amwali.

Kenako anajambula papepala minofu ya kumusi kwa chiuno, akuti levator ani, ili ngati chitenje chomangidwa uku ndi uku chonyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo lakumapeto. Mutu wa mwana podutsa imatanuka kwambiri, ina imatha kung'ambika mkati osaoneka kunja.

Nde anapempha chilolezo, nkuti ndikafuna asiye ndingonena. Ndinagona chagada maondo mmwamba, anayang'ana chipsera, nkuti tsokomolani. Ndinatsokomola, kadontho kanatuluka pomwepo, ine kufuna kulowa pansi. Anavala magolovesi, kupaka jelo, nkulowetsa chala chimodzi ku njira ya abambo. Sizinapweteke, kungozizira basi.

"Amayi, finyani chala changachi ngati mukugwira mphweya pagulu, mukokere mmwamba."

Ndinafinya ndi mphamvu zanga zonse mpaka kusiya kupuma. Anati ayi, apa mukumanga matako ndi ntchafu, ndipo mukuchima ngati muli ku leba, mukukankhira pansi mmalo mokoka. Eti miyezi yonseyo ndinkapanga ma Kegel, zofinya zolimbitsa minofu yakumusiyi, omwe ndinaona pa YouTube koma ndinkapanga chobwerera! Ndekha sindikanadziwa, chifukwa mmutu mwanga ndinkamva kuti ndikufinya ndithu. Tinabwereza kangapo, dzanja lawo lina lili pamimba panga kuti ndisalimbitse, ndikupuma bwinobwino, mpaka anati eya, pamenepo. Kanali kakang'ono zedi moti ndinakayika.

Mphamvu amayeza pa mulingo wa Oxford, kuyambira 0 pomwe palibe chomveka mpaka 5. Ine ndinapeza 2. Anawerenganso masekondi omwe ndingagwire, ndinafika 3 nkutayirira, kenako zofinya mwachangu, nkumaliza ndi kuchima kuti aone ngati chiberekero kapena chikhodzodzo chatsika. Sichinatsike. Akanakayika za kung'ambika kwa mkati bwenzi atanditumiza ku sikani.

Homuweki inali kufinya ka 8, katatu patsiku, kwa miyezi yosachepera 3, kuyambira chogona kenako chokhala ndi choimirira. Kufinyiratu ndisanayetsemule kapena kunyamula ndowa ya madzi a pa mjigo. Osazolowera kudula mkodzo pokodza, ndipo osalola kudzimbidwa. Ine ndinazimangirira pa kuyamwitsa kuti ndisaiwale, ngakhale masiku ena ndinkagona nazo.

Nditabwererako anati ndafika 3, masekondi 7. Padi ndimavalabe ndikakhala ndi chimfine, koma Lamlungu lapitali ndinavina ku kwaya ya amayi nyimbo ziwiri zathunthu, ndipo nditakayang'ana kuchimbudzi kunali kouma.