Mbiri ya moyo wanga, gawo la 7: Ndalama za kalabu ndi mbewu ya m'madimba

Ndikuthokoza nonse amene munawerenga gawo lapitalo ndi kundilembera mawu achitonthozo pa za imfa ya bambo anga, makamaka achemwali aja a ku Johannesburg amene anandikumbutsa kuti analipo pamaliropo. Ambiri mwapempha kuti ndifotokoze za kalabu ya achinyamata imene ndakhala ndikuitchula mongodutsa, ndipo mmodzi wafunsa mosapsatira ngati zili zoona kuti ndalama za anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira a 2015 zinathera m'matumba mwathu. Ena munandilangiza kuti funsolo ndilifufute, koma ndalisiya, chifukwa lakhala likuyenda m'misika ndi pamadoko a kuno kwa zaka zambiri, ndipo ndi bwino kuti liyankhidwe ndi munthu amene anali mlembi wa kalabuyo.

Tinayamba mu 2013, tili anyamata ndi atsikana amene tinalemba mayeso a Folomu 4 n'kubwerera kumudzi opanda ntchito. Ena ankapalasa kabaza pa Bangula, ena ankapita kukadula nzimbe ku Nchalo nyengo yake ikafika, ndipo ine ndinali ndidakali m'golosale muja ndinakuuzani m'gawo lachinayi. Tinkakumana Lamlungu masana pansi pa mtengo wa nimu, aliyense n'kupereka K100 pamwezi. Ntchito zathu zinali zosatchuka: kufolera nyumba za agogo amene ana awo anatha, kusesa pamsika, kutungira madzi anthu odikirira odwala kuchipatala, ndi kukapereka magazi a Malawi Blood Transfusion Service akabwera. Chopereka cha pamwezi sichikanagula ngakhale mapepala a pulasitiki ofolerera nyumba ziwiri, choncho tinkapeza ndalama ndi manja athu. Nthawi yothyola thonje tinkagwira ganyu m'munda umodzi tonse pamodzi, malipiro onse n'kulowa m'bokosi. Tinkakonza mpira wolipiritsa pakhomo, atsikana n'kumagulitsa mandasi ndi thobwa m'mbali mwa bwalo, ndipo mipingo iwiri inatilola kuchititsa pepa sande kamodzi pachaka.

Msungichuma anali msuweni wanga, mwana wa amalume, yemwe uja anandilipirira ndalama za mayeso bambo atamwalira. Tinamusankha chifukwa ankachita geni ya makakana ndi milamba youma kuyambira ali wamng'ono, ndipo panalibe msodzi amene anadandaulapo kuti wamudyera tambala. Iye ndiye anaumirira kuti bokosi likhale ndi maloko atatu ngati la banki mkhonde, makiyi akhale ndi anthu atatu osiyana, ndiponso kuti chilichonse cholowa kapena chotuluka chilembedwe m'buku lachikuto cholimba, risiti yake imatidwe kumapeto. Ngakhale pogula nsungwi kwa munthu wosadziwa kulemba, ankamudinditsa chala.

Amene simunakhaleko kuchigwa cha mtsinje wa Shire mwina simudziwa kuti madzi amene amationonga nthawi zambiri sakhala a mvula yogwa kwathu. Ruo amachokera kuphiri la Mulanje n'kudzakumana ndi Shire pa Chiromo, ndipo akadzadza amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'dambo la Elephant Marsh ndi m'midzi yozungulira. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudzitsegulira ina, dera la Makhanga kwa Mlolo linasanduka chilumba, ndipo anthu anagona m'mitengo ndi pazulu kudikira mabwato ndi ndege za helikopita za asilikali. Pa 13 Januwale Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 ali pangozi, ndipo chiwerengero cha boma chinadzaonetsa kuti anthu pafupifupi 230,000 anasowa pokhala. Ife tinali pa Bangula kulandira amene ankatsika m'mabwato. Ndimakumbukirabe mayi wina amene anatsika ali ndi mbereko kumsana koma mulibe mwana, ndipo palibe mwa ife amene analimba mtima kumufunsa. Msuweni wanga anamugwira dzanja n'kupita naye kwa amalume, anamusambitsa, anamupatsa chitenje chake cha kutchalitchi, ndipo anagona naye mphasa imodzi kufikira abale ake atapezeka kumsasa.

M'masabata otsatirawo kalabu inalandira ndalama zochuluka kuposa zonse zimene tinazigwirapo. Ana a kuno okhala ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku South Africa anatsegula gulu la WhatsApp n'kumatumiza kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Ife tinayenda ulendo wa ndawala kuchoka pa Ngabu kufika pa Bangula, titanyamula zidebe zoponyamo ndalama, ndipo m'zidebezo munagwa ma K20 ndi ma K50 a amayi ogulitsa tomato, a ometa tsitsi, ngakhale a ana asukulu. Ndikutchula zimenezi kuti mumvetse kuti ndalamazo zinali za anthu amene ankatidziwa ndi makolo athu omwe, ndipo ambiri mwa iwo analinso ndi abale m'misasa.

Gawo loyamba la ndalamazo silinavute. Tinagula ndowa, sopo ndi zitenje za amayi ndi atsikana, tinalipirira odwala ndi amayi oyembekezera mabwato pa Mtayamoyo, pamene msewu ndi njanji zinaduka kalekale mu 1997, ndipo kolera itamveka m'boma la Nsanje mu Febuluwale tinayenda ndi alangizi a zaumoyo kuthira kolorini m'madzi akumwa. Mkangano unabuka pa ndalama zotsala, zomwe zinali zoposa theka. Ambiri m'kalabumo ankafuna tigule ufa. Msuweni wanga, ine, ndi mnzathu wina wa kabaza tinakana, ndipo lero ndikufuna kufotokoza chifukwa chake mofatsa, popeza nthawi imeneyo panalibe amene anali ndi mtima womvetsera.

Chimanga, nyemba ndi mafuta zinkabwera ndi boma, World Food Programme ndi Red Cross. Zinali zosakwanira, zinkachedwa, koma zinkabwera, ndipo ufa umene ife tikanagula ukanatha m'masiku owerengeka pamsasa umodzi wokha. Chimene tinkachiona ife obadwira kuno n'chakuti madzi akaphwa amasiya dothi lachonde ndi chinyontho chimene chimakhala miyezi ingapo, ndipo makolo athu akhala akupulumuka njala polima m'madimba kuyambira Epulo. Koma mbewu yonse inali itapita ndi madzi: chimanga chosungidwa kudenga, mapira, mchewere, ndi minda ya mbatata imene anthu amadulako mbewu. Munthu akanatuluka mumsasa ali ndi thumba la ufa koma wopanda chobzala, mu Ogasiti akanakhala akupemphanso. Tinavota, mbali yathu inapambana ndi mavoti ochepa, ndipo tinagwirizana kusunga ndalamazo kufikira madzi ataphwa.

Kudikirako n'kumene kunatibweretsera mavuto. Bambo wina wodziwika m'deralo, amene dzina lake sindilitchula ngakhale ambiri mukumudziwa, anabwera kwa ine ndi pepala la mayina kuti tiwalembe m'kaundula wa olandira thandizo. Pamayinawo panali akazi ake awiri, apongozi ake, ndi anthu amene nyumba zawo madzi sanazifike. Titakana, sipanathe sabata mbiri inali itawanda kuti msungichuma wa kalabu wagula malata ndi foni yatsopano ndi ndalama za anthu a m'misasa. Malatawo analipodi pakhomo pa amalume, koma anagulidwa chaka chapitacho ndi ndalama za thonje lawo, ndipo mudzi wonse unaona tsiku limene anatsitsidwa pangolo. Anthu anjala safufuza zotere, ndipo sindiwaimba mlandu. Mlandu ndimauika pa munthu amene ankadya katatu patsiku n'kumagwiritsa ntchito njala ya anzake pofuna kubwezera mtsikana amene anamukaniza chinyengo.

Zimene msuweni wanga anadutsamo m'mwezi wa Malichi umenewo zimandipwetekabe. Pamsika amayi amene ankagula nsomba kwa iye kwa zaka anayamba kulambalala benchi lake. Kumjigo akafika, nkhani zinkatha. Ana anamupekera nyimbo n'kumamuimbira akamadutsa, ndipo usiku wina anthu anagenda padenga pa amalume mpaka azakhali anakagona kwa aneba. Kuchokera kwawo kwa mwamuna amene ankayembekezera kukwatiwa naye kunabwera uthenga woti chinkhoswe chiyambe chaima kufikira nkhaniyo itamveka bwino, ndipo sichinachitikenso. Iye sanalire pamaso pa anthu, koma anaonda, ndipo madzulo ankakhala pakhonde ndi buku lija n'kumawerengera mobwerezabwereza ndalama zimene ankadziwa kale kuti n'zokwanira. Amalume anandiitana n'kundiuza kuti, “Mphwanga, tengani bokosi lanulo mukagule ufawo, mwana wanga apume.” Ndinawayankha kuti, “Amalume, tikagula ufa lero anthu adzati tagula chifukwa tagwidwa.” Anandiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, kenaka analowa m'nyumba.

Amene anapempha bwalo anali msuweni wanga mwini wakeyo. Anapita yekha kwa anyakwawa n'kuwapempha kuti aitane mudzi wonse pamodzi ndi akomiti a kumsasa. Tsikulo kunatentha monga kumatenthera kuno, ndipo anthu anadzadza mpaka kumsewu. Bokosi linaikidwa pamphasa, osunga makiyi atatu anatsegula maloko awo, ndipo iye anaimirira n'kuyamba kuwerenga buku kuchokera patsamba loyamba la 2013. Anatchula ndalama iliyonse ndi mwini wake, ndowa iliyonse ndi sitolo imene inagulidwa, mwini bwato aliyense ndi tsiku limene anaolotsa wodwala. Eni mabwato amene analipo ankavomera mayina awo akatchulidwa. Pofika pakati mawu anayamba kumuthera, ndipo ndinapempha kuti ndimulandire, koma anakana. Atamaliza, aphunzitsi awiri opuma ntchito anawerenga ndalama za m'bokosi pamaso pa onse, anaonkhetsa ndi zimene zinali mufoni, ndipo zinafanana ndi za m'buku. Anyakwawa anafunsa katatu ngati panali wina amene ali ndi umboni wa kuba. Bambo uja anali atakhala kutsogolo pampando, ndipo sanatsegule pakamwa. Sanapepese tsikulo, ndipo mpaka lero sanapepese, ngakhale masiku ano amalemba pa Facebook kuyamikira ntchito za kalabu ngati kuti anali nafe kuyambira pachiyambi. Bambo, ngati mukuwerenga, dziwani kuti kuyamikira kwanu timakuona, koma amene muyenera kulankhula naye si ife.

Mu Epulo tinakwera ku Bvumbwe kukagula kwa alimi mbewu ya mbatata yofiira m'kati, ya Kaphulira ndi Kadyaubwerere, ndipo mbewu ya chimanga chocha msanga tinagula ku Blantyre. Tinatsika nazo zitunda za Chikwawa usiku kuopa dzuwa, titafunditsa mitolo ya mbatata ndi ziguduli zonyowa, kudutsa pa Thabwa, pa mlatho wa Kamuzu, pa Dyeratu ndi pa Nchalo, ndipo kunacha tili pa Ngabu. Pogawa tinapangana ndi aliyense wolandira kuti mbatata yake ikayanga adzadulireko mabanja ena awiri. Pofika Julayi ndi Ogasiti pamsika wa Bangula panali mbatata ndi chimanga chachiwisi cha m'madimba amenewo. Agogo ena a kutsidya anabwera kugolosale ndi mbatata m'kalichero, anaziika pakauntala n'kunena kuti, “Takhuta, mwananga, ukampatse mtsikana wa buku uja.” Ndinakamupatsa madzulo omwewo, ndipo kanali koyamba kumuona akulira chiyambire nkhani yonseyo.

Chilala cha 2016 chinabwera n'kupita, ine ndinakwatira, golosale inatsekedwa. Namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndi wa Freddy mu Malichi 2023, onsewa anapeza kalabu ilipo, ndipo nthawi iliyonse gawo la ndalama limasungidwira mbewu popanda wotsutsa. Buku limawerengedwa pabwalo miyezi itatu iliyonse, kaya pali wodandaula kaya palibe, ndipo chithunzi cha tsamba lililonse chimatumizidwa ku gulu la WhatsApp kuti amene ali kutali aone kumene ndalama yawo yapita. Achinyamata amene alowa posachedwapa amaganiza kuti lamuloli linabwera ndi mabungwe, n'chifukwa chake ndalemba zonsezi kuti adziwe amene analiyambitsa ndi mtengo umene analipira.

Msuweni wanga sanadikire kuti aone zonsezo. Mu Okutobala 2015, atatha kuwerenga buku pamsonkhano wa kalabu, anapereka kiyi wake kwa wapampando, anandipatsa bukulo m'manja, ndipo sabata yotsatira anakwera basi ya ku Blantyre kumene anakayamba geni ya nsomba ku Limbe. Ndinamupempha chilolezo ndisanalembe gawo lino, ndipo anavomera pokhapokha ndisatchule dzina lake. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za ulendo umene amalume anandituma kuti ndikamuitane azakhali atadwala, ndi zimene tinakambirana usiku umenewo ku Bangwe.