Mphoto za mayi Dangarembga ndi zimene agogo anandiuza za Neria

Mwezi uno m'kalasi yathu ya zamafilimu, imene timakumana madzulo tikaweruka kuntchito, aphunzitsi anatiuza kuti aliyense asankhe wotsogolera mafilimu mmodzi, alembe za mphoto zimene analandira ndi mmene anthu analandirira ntchito zake. Ine ndinasankha mayi Tsitsi Dangarembga, poti ndi a konkuno ku Harare ndipo dzina lawo ndinayamba kulimva ndili kusekondale.

Gawo la mphoto ndinalemba usiku umodzi wokha. Buku lawo la Nervous Conditions linatuluka mu 1988, ndipo chaka chotsatira linapata mphoto ya Commonwealth m'chigawo cha Africa. Mu 2020 buku lawo lina la This Mournable Body linali m'gulu la mabuku 6 otsiriza pa mpikisano wa Booker. Mu 2021 analandira PEN Pinter Prize ku Britain komanso mphoto ya mtendere imene amapereka ogulitsa mabuku a ku Germany, kenako mu 2022 Windham-Campbell ya ku America. Nditazindandalika choncho, mtima unandigunda. Zikuluzikuluzi n'za zolemba zawo ndi kulimba mtima kwawo, ndipo zonse n'zochokera kutsidya kwa nyanja. Nanga za mafilimu? Mayiwa anaphunzira ntchitoyi ku Berlin, ndipo mu 1996 anatsogolera Everyone's Child, filimu ya ana amasiye amene makolo awo anamwalira ndi Edzi. Inali filimu yayitali yoyamba kutsogoleredwa ndi mayi wachikuda wa ku Zimbabwe. Kafilimu kawo kakafupi ka Kare Kare Zvako kanapambana pa chikondwerero cha mafilimu ku Zanzibar. Koma ukaziika pambali pa mphoto za mabuku zija, zimaoneka zochepa.

Pepala langa loyamba linabwerera lili ndi mzere wofiira. Ndinalemba kuti iwo ndi amene anatsogolera Neria, filimu ya mkazi wamasiye dzina lake Neria amene mlamu wake akumulanda katundu mwamuna wake atamwalira. Ayi ndithu. Nthano yake ndi yawo, koma amene anaisandutsa zolemba zojambulira ndi Louise Riber, ndipo wotsogolera anali Godwin Mawuru. Aphunzitsi anangoti: "Mayina amene amayenda kumapeto kwa filimu aja, muziwawerenga mpaka lomaliza." Kuyambira tsiku limenelo sindizimitsa filimu mayina asanathe, chifukwa ulemu ukapita kwa munthu wolakwika, wina wabedwa thukuta lake.

Gawo lachiwiri, la mmene anthu analandirira mafilimuwa, ndi limene linandisowetsa tulo. Ndinkafufuza ndemanga za akatswiri pa intaneti, mpaka Lamlungu lina nditapita ku Mufakose, dera lina la mu Harare momwemuno, kukaona agogo anga. Iwo anabadwira ku Dedza, anabwera kuno ali mtsikana kutsatira amuna awo. Nditatchula Neria anasiya kusadzula masamba, n'kundiyang'ana.

"Mdzukulu wanga, filimu imeneyo tinaonera anthu odzaza nyumba, ena pawindo. Mlamu uja atayamba kutenga katundu wa m'bale wake, amayi ena anatuluka panja akulira. Sankalirira Neria iyayi. Aliyense ankakumbukira za mwini."

Kenako anandiuza chinthu chimene sindinachiwerenge paliponse. Anati kwawo mwamuna ndi mkamwini, amamanga pamudzi pa mkazi, ndipo ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Ndiye atafika kuno n'kuona mkazi wamasiye akuthamangitsidwa m'nyumba imene anavutikira yekha, poyamba ankati ndi mwambo wa eni dziko. Koma pambuyo pake anaona a kwathu omwe, m'makomboni ndi m'mafamu, akuchita zomwezo maliro asanazizire. Choncho pamene Jesesi Mungoshi ankasewera mayi wopita kukhoti kukamenyera nyumba ndi ana ake, ndipo Oliver Mtukudzi, amene anasewera ngati mlongo wake, ankamuimbira nyimbo yomulimbitsa mtima, agogo anati anamva ngati wina wawayankhulira. Dzina la Dangarembga sankalidziwa n'komwe. Ndinachita kuwauza tsiku limenelo kuti nthanoyo anaiganiza ndi mayi, ndipo anawomba m'manja.

Ndikubwerera m'kombi ndinkalingalira kuti mu 1997 lamulo la chuma cha masiye linasinthidwa kuno, kuti wotsala m'banja azikhalabe m'nyumba yawo. Sindinalembe kuti filimu ndi imene inasintha lamulo, chifukwa amayi ambiri ndi maloya anamenyera nkhondo imeneyo kwa zaka. Chimene ndalemba n'chakuti nkhaniyi inalowa m'nyumba za anthu wamba lamulo lisanasinthe, m'chinenero cha misozi chimene ngakhale agogo a ku Dedza anamva.

Zimandipweteka kuti mayi amene mu 2002 anayambitsa chikondwerero cha mafilimu a amayi mumzinda uno, amatamandidwa kwambiri ku Frankfurt ndi ku London, pomwe kuno mu July 2020 anamangidwa atanyamula chikwangwani pamsewu, mpaka khoti lalikulu linawamasula ku mlanduwo mu 2023. Zimenezi ndaziikanso m'gawo lachiwiri, chifukwa nakonso ndi kulandiridwa.

Ndapempha aphunzitsi andiwonjezere sabata imodzi. Loweruka ndikupita ndi Everyone's Child ku Mufakose, agogo aitana anzawo atatu a ku Mvano, ndipo ine ndidzakhala pakona ndi kope langa.