Lachisanu lotsekera sukulu, ndi mwana wa nambala 87

Ndadzuka tambala woyamba asanalire, magetsi kulibe, malipoti 23 akundidikira patebulo osalembedwa ndemanga. Kalasi langa la Sitandade 5 lili ndi ana 104. Sabata yonseyi ndakhala ndikuchonga, kuwonkhetsa malikisi pa foni, kenako kusanja mayina kuyambira wapamwamba mpaka wotsiriza. Ndivomere pano kuti pofika lipoti la 60 dzanja limangolemba lokha: "Wakhoza bwino." "Limbikira." "Walephera, limbikira." Nkhope ya mwini lipotilo sindimaionanso m'maganizo.

Mvula inagwa usiku, njira yonse matope okhaokha. Komabe ana anabwera ochuluka kuposa tsiku lina lililonse teremu ino, ngakhale aja ojomba amene timawaona pokhapokha phala likaphikidwa. Mayunifolomu ochapa, mapazi opaka mafuta, m'majumbo muli mango, zitumbuwa ndi chimanga chokazinga. Amayi anakhala kumbali pansi pa mtengo, zitenje atayala pa udzu wonyowa.

Ahedi anayamba kuwerenga cha m'ma 9 koloko. Mwambo wake ndi womwe uja ndinaupeza ine poyamba Sitandade 1 mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana m'sukulu n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ife n'kumaphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Kalasi lililonse atchula khumi oyambirira, mwana atuluka kutsogolo, nthungululu, wina amuponyera K200, anzake m'manja. Akatha khumiwo amangoti, "Otsalanu mukamva m'kalasi." Pamenepo mpamene ndimakonda kuyang'ana kumbuyo kwa mzere. Akumbuyowo saombanso m'manja pofika Sitandade 4. Ena akusenda mango ndi mano, ena akukankhana. Akudziwa kale kuti mwambowu si wawo.

M'kalasi langa nambala wani anali mtsikana wina wachete amene amakhala pafupi ndi zenera. Amene ankatsogola chaka chatha wagwera pa nambala 2, kusiyana malikisi atatu okha. Kulira kwake! Anakana ngakhale chitumbuwa cha mnzake. Titalowa m'kalasi anabwera patebulo panga ndi mapepala ake onse: "Madamu, tawonkhetsaninso." Ndinawonkhetsa naye limodzi, zinali zomwezo. Ndinamuonetsa funso la masamu limene analakwa, lija la kugawa manambala osakwana, ndikuti ndimufotokozere. Maso ake sanali pa funsolo. Anali pa kona ya pepala pamene pali chizungulire chofiira.

Mwana ameneyu malikisi amamuyendetsa ndithu, sindingatsutse. Holide yonse ino awerenga, ndipo Januwale abwera atakwiya. Koma ndi yemweyunso amene ndikayamba kufotokoza chinthu chokoma, monga tsiku lija tinakamba chifukwa chake mphenzi imaoneka bingu lisanamveke, amakweza dzanja n'kufunsa, "Madamu, zimenezi zibwera pamayeso?" Ndikati ayi, amatseka kope.

Ndinagawa malipoti. Phokoso, kulandana, wina kuthamangira panja akukuwa kuti wakhoza. Mnyamata wina wamtali, amene akubwereza kalasili, analandira lake osalitsegula. Analipinda kanayi n'kulilowetsa m'thumba la kabudula ngati tikiti ya minibasi. Nambala 87 pa ana 104. Ndinalemba ndekha m'mawa uno ndi tochi ya foni: "Walephera, limbikira."

Nkhani ya Sitandade 5 anthu ambiri saidziwa. Kumunsi kuja ana amamva zambiri m'Chichewa, koma akafika kwa ine mabuku a sayansi, a ulimi, a masamu, onse ali m'Chingerezi, ndipo mayeso ndi m'Chingerezi momwemo kupatula phunziro la Chichewa. Mnyamata ameneyu ukamufunsa m'Chichewa chifukwa chake timapanga mizere yopingasa pamalo otsetsereka, akufotokozera mpaka za madzi okokolola nthaka, chifukwa amalima ndi bambo ake. Funso lomwelo ulilembe pa pepala m'Chingerezi, asiya mpata wopanda kanthu. Ndiye 22 amene wapeza pa ulimi akuyeza ulimi kapena Chingerezi? Ndakhala ndikudzifunsa zimenezi zaka zambiri, koma ndimachongabe.

Masana aphunzitsi tinasonkhana mu ofesi kudya nsima ya nkhuku imene tinasonkherana. Ndinangotchula pang'ono kuti mwambo wowerenga manambalawu ukundivuta mumtima. Aphunzitsi a Sitandade 8, bambo achikulire amene atsala zaka ziwiri kuti apume, anaika fupa pansi.

"Madamu, chotsani mayeso mawa, muone ngati kubwere mwana pano. Mwaiwala za JCE? Anaichotsa, ana a fomu 1 ndi fomu 2 n'kumangogona podziwa kuti mayeso ali kutali ku fomu 4. Si boma linaibwezeretsa mu 2021? Mwana amafuna chomuthamangitsa."

Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo sindinafune kuwatsutsa pagulu. Zimene amanena zili ndi mutu. Dziko lathu malo ku sekondale ndi ochepa, ndipo chogawira malowo ndi malikisi a PSLCE, mayeso a Sitandade 8 amene amachonga a MANEB. Ochepa apamwamba amapita ku sekondale zazikulu za boma zogonera konko, ena ku zogonera za m'boma lawo, ambiri ku sekondale zoyendera za CDSS, ena osasankhidwa n'komwe ngakhale akhoza. Ndi chifukwa chake mwana amakhoza Sitandade 8 n'kubwerezabe kawiri, kufuna dzina lake lituluke pa sukulu yabwino. Kutsogolo kulinso MSCE, kumene 1 ndiye pamwamba, 9 n'kulephera, ndipo amawonkhetsa maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino. Wopeza mapointi 6 dzina lake limamveka pa wailesi. Wopanda makirediti asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi, za yunivesite ya boma aiwale. Kholo limene likufunsa nambala ya mwana wake silopusa ayi. Likudziwa chipata chimene mwanayo adzadutse.

Ndinangowafunsa chinthu chimodzi: "Nanga sala, mwa ana anu 70 aja, ndi angati amene mayesowo akuwathamangitsa?"

Anaseka, n'kuwerenga zala. "Mwina makumi awiri. Enawo akungoperekeza."

Mawu akuti kuperekeza andikhala pamtima tsiku lonse. Malikisi amakoka mwana amene akuona kuti nambala yotsatira ili pafupi: wa nambala 2 akufuna 1, wa 12 akufuna kuti chaka chamawa atchulidwe pa asembule. Wa nambala 87 akayang'ana kutsogolo akuona anthu 86. Pepala likumuuza chinthu chimene anachimva kale teremu yatha ndi ina ija, ndipo nkhani yakale siidzutsa munthu m'mamawa kuti awerenge. Apakati nawo amapeza njira zawo. Sabata yatha ndinalanda likasa kwa ana awiri, wina atalemba mayankho pantchafu. Khama lolemba tizilembo ting'onoting'ono pamenepo likanakwana kuphunzira mutu wonse, koma chimene ankafuna ndi 50, osati mutuwo.

Inenso ndine mwana wa malikisi, ndisadzichotsemo. MSCE ndinaloweza Biology usiku ndi koloboyi, miyendo m'beseni la madzi ozizira kuti ndisagone, ndipo ndinakhoza. Lero mutandifunsa za impso ndingachite chibwibwi. Koma popanda pepala limenelo sindikanalowa ku TTC, sukulu ya zauphunzitsi, ndipo sindikanakhala pano kudandaula.

Cha m'ma 2 koloko ndikutseka kalasi, ndinaona mayi wina ataima pakhonde, mwana kumbuyo, lipoti lopindapinda m'manja. Kumbuyo kwake mnyamata wanga wamtali uja, maso pansi.

"Madamu, pepani ndakuchedwetsani. Ine sukulu sindinapite patali. Tandiuzeni, akuti chiyani apa? Bambo ake akuti akalepheranso basi, azikawathandiza maganyu."

Ndinayang'ana ndemanga yanga ija ndipo ndinachita manyazi. Ndinawapempha alowe akhale pa desiki. Mu kabati ndimasunga timapepala ta mayeso a mwezi ndi mwezi, ndiye ndinafufuza mpaka ndinapeza ka Seputembala. Chingerezi: 9. Pa kapepalako anangokopera mafunso, mayankho palibe. Ndinaika pambali pake pepala la sabata yatha: 31. Ziganizo zinayi zolemba yekha, zopindika koma zomveka.

"Mayi, pa lipotipa walephera, sindikunamizani. Koma taonani apa ndi apa."

Ndinamupatsa buku kuti awerenge ndime imodzi. Anayamba monjenjemera, chala pa mzere, anakakamira pa liwu limodzi, analidumpha, anafika kumapeto. Mayi aja Chingerezi sakumva, koma anamva kuti mawu akutuluka motsatizana. Anati, "Komatu kunyumba ndi yemweyu amandiwerengera mauthenga a Mpamba ndalama zikalowa. Ndi buku la kusikelo la mng'ono wakeyu, tsiku la katemera amandiuza ndi iyeyu." Zimenezi ine sindinkazidziwa. Miyezi itatu ali m'kalasi mwanga.

Ndinatenga cholembera, pansi pa ndemanga ija n'kuwonjezera: "Chingerezi: Seputembala 9, Disembala 31." Ndinasayina, kuti bambo ake asaganize kuti walemba yekha.

Apa mpamene mnyamatayo anayankhula koyamba tsiku lonse. "Madamu, kukhoza ndi 50?" Ndinati eya. Anayang'ana kudenga, milomo ikugwedera. "Kwatsala 19." Kenako, ngati akudziyankhula yekha, "Koma ndakwera ndi 22."

Sindikudziwa ngati bambo ake amulole kubwera Januwale. Ino ndi nyengo yopalira, maganyu ali paliponse, ndipo ufa m'nyumba zambiri wayamba kuchepa. Ndinamubwereka buku lowerenga limodzi, lopanda chikuto, ngakhale ahedi salola kuti mabuku azituluka pa holide. Analilowetsa m'malaya kuopa mvula. Lipoti lija sanalipindenso, anapatsa mayi ake kuti alimange m'chitenje.

Pobwerera ndinakwera kabaza chifukwa miyendo inali itakana. Wakabazayo, mnyamata wa zaka ngati 20, anandizindikira kuti ndine mphunzitsi poona choko pa siketi. Anati iye Sitandade 8 analemba katatu, kukhoza konse, osasankhidwa. Ndinamufunsa nambala imene ankakhala m'kalasi. "Folo, faifi, pamenepo." Anatchula mwachangu ngati ndi dzulo.

Tsopano ndi 8 koloko usiku, magetsi abwera. Ana anga agwira ngumbi pa babu la pakhonde, akukazinga. Timapepala ta Seputembala ndabwera nato m'jumbo, tonse 104, ndipo ndayala pamphasa pambali pa mndandanda wa malikisi a teremu ino. Ndafika pa dzina la 40. Ndapeza kale ana asanu ndi mmodzi amene akwera kuposa mnyamata uja, onse ndinawalembera "Limbikira" m'mawa uno, ndipo malipoti awo apita kale kwawo.