Mapu anga a timakwawa: zomwe ndatola kwa mtsinje wa Fleet

Kope langa la mapu lasunthako mwezi uno. Mitsinje ikuluikulu ya kuno ku Mulanje, Likhubula, Lichenya, Muloza ndi Ruo, ndinajambula kale, ndipo imeneyi sivuta poti aliyense amaiona. Tondivuta ndi timakwawa totsika m'minda ya tiyi. Timakwawato tikafika pamsewu wa M2 timalowa m'kalavati, kutsidya kwake osaonekanso, chifukwa anthu anathirapo dothi n'kumangapo magolosale. Pofuna kudziwa kalondoledwe ka madzi obisika chonchi, ndakhala ndikuwerenga za Fleet, mtsinje wa mu London umene unakwiriridwa pafupifupi wonse.

Fleet amachokera ku akasupe a pa Hampstead Heath, kumpoto kwa mzindawo. Nthambi zake ndi ziwiri, ina ya ku maiwe a Hampstead, ina ya ku maiwe a Highgate, ndipo maiwewo alipobe. Zimakumana cha ku Camden Town, n'kutsika kudzera ku King's Cross ndi pansi pa Farringdon Road mpaka kukathira mu mtsinje waukulu wa Thames pa mlatho wa Blackfriars. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 6 basi.

Mbiri yake inandimvetsa chisoni. Kale kumathiriro kwake kunkaima mabwato onyamula katundu. Mzinda utakula, opha nyama a ku Smithfield ndi ofufuta zikopa anayamba kutayiramo zotsala, za m'zimbudzi nazo zinkathera momwemo. Moto waukulu utawononga London mu 1666, anayesa kuukonza pomanga ngalande yotakata yodutsa mabwato motsatira nzeru za katswiri wa zomangamanga Christopher Wren, koma sinapindule ndipo inadzazanso ndi zonyansa. Apa m'pamene anaugonjera. Gawo lina analivindikira m'zaka za m'ma 1730 n'kumangapo msika, lakumunsi analitseka cha mu 1769, ndipo m'zaka za m'ma 1800 wotsalawo unasanduka mbali ya ngalande zonyamula zonyansa za mzinda. Palibe tsiku limene anthu anakhala pansi n'kugwirizana zoupha. Aliyense ankangotayamo zake pang'onopang'ono, mpaka kuukwirira kunaoneka ngati chifundo.

Komatu madzi saiwala khwawa. Mu 1862, akukumba njanji yapansi ya Metropolitan, Fleet anaphulika n'kusefukira m'maenje a ntchitoyo. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, mvula ikagwa yambiri, madzi ake ankasefukirabe kukalowa mu Thames. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa zambiri pa nkhani yotere. Tinaona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atabwera, madzi ndi miyala zikutsika m'phiri kudzera m'njira zimene ambiri tinkaziyesa minda ndi mabwalo a nyumba. Akuluakulu ena ankanena kuti Napolo wadutsa momwe anadutsa kale.

Chimene chandithandiza kwenikweni ndi mmene okonda mtsinjewu amaulondolera. Amayang'ana kutsetsereka kwa misewu: mlatho wa Holborn Viaduct, womwe unatsegulidwa mu 1869, umadumpha chigwa chooneka chopanda madzi, koma chigwacho anakumba ndi Fleet. Amamvetseranso: pa Ray Street pali chitsulo chamabowo pamsewu pomwe madzi amamveka akuyenda pansi. Ndayesa zomwezi kuchokera pa Chitakale kulowera kuboma. Pomwe msewu watsika ndimaima, n'kufunafuna kalavati, n'kutchera khutu. Kunja kukagwa chiperoni m'pamene zimatheka bwino, chifukwa nthaka yonyowa imaulula mzere wa khwawa, ndipo nthochi ndi mabango zimandanda momwemo. Timakwawa tingapo ndatilemba kale ndi pensulo, cholembera chidikire kaye.

Chikusowa ndi mayina. Agogo ena ogulitsa nanazi m'mbali mwa msewu anandiuza kuti pomwe ndinaima ankachapapo ali mtsikana, ndipo anatchula dzina lomwe sindinalionepo pa mapu alionse. Ndalilemba, koma ndikufuna ndikalimvenso kwa amfumu ndisanalikhazikitse. Mwezi wamawa ndilowera cha ku Limbuli. Anzanga akumeneko, ngati kwanu kuli achikulire okumbukira pomwe ankatunga madzi kale, ndiuzeni ndidzawapeze mvula isanayambe.