Pasipoti ya ku Joni yatuluka, koma tsiku lobadwa linandizunza

Pasipoti ili m'chikwama, tikiti ya basi ndadula. Ndikupita ku Johannesburg kukathandiza mwana wanga amene wangochira kumene, ndipo ndati ndilembe izi mtima ukadali wowawa, kuti anzanga a ku Namwera, Makanjira, Malindi ndi Monkey Bay musakavutike ngati ine.

Musanakwere galimoto kubwera ku boma kuno ku Mangochi, tulutsani chitupa cha unzika ndi pasipoti yanu yakale ngati munali nayo, muziike pamodzi pamphasa, muwerenge chilembo ndi chilembo. Dzina, tsiku, mwezi, chaka chobadwa. Zikasiyana pang'ono pokha, dziwani kuti ulendo waima. Ine pasipoti yakale inali ndi mwezi wina, chitupa chija tinajambulitsa mu 2017 chinali ndi mwezi winanso. Amene ankalemba nthawi ya kalembera uja ndiye anasokoneza, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikulandira ndalama ku banki ndi chitupa chomwecho popanda wondifunsa. Pa pasipoti pokha mpamene zinaphulika.

A ku Immigration anandiuza kuti ndikalumbire kaye, ndibwere ndi afidaviti yodindidwa. Apa ndiye panandipsetsa mtima. Ndinadzuka kusanache, kutsika phiri lonse lija kuchokera ku Namwera, kuwoloka mlatho wa pa Shire, kukwera kabaza, kufika pa ofesi ina yomwe sinditchula zitseko asanatsegule. Tinakhala pabenchi la pakhonde anthu ambirimbiri, kutentha kwa ku Mangochi mukukudziwa. Pafupi nane panali agogo ena ochokera ku Makanjira, atamanga mapepala awo m'jumbo ya shuga, atagona kwa abale ku boma kuno chifukwa ulendo wa kwawo subwereka tsiku limodzi. Cha m'ma 10 mnyamata wa mu ofesimo anatuluka nkuti, "Amayi, bwana alibe, ali ku msonkhano kunyanja." Ndinati, "Nanga achimwene, palibe wina angasaine?" Akuti wosaina alipo, koma chidindo chili mu dirowa, kiyi apita nayo bwana. Chidindo! Anthu onsefe, ndalama za thiransipoti zonse zija, chifukwa cha kiyi imodzi imene munthu akanatha kusiyira mnzake. Ngakhale kapepala pachitseko kotiuza kuti lero musadikire, panalibe. Agogo aja anangoti "chabwino bwana" nkumanganso jumbo yawo. Mpaka pano zimandiwawa ndikawakumbuka, chifukwa sindikukhulupirira kuti anali ndi ndalama yobwereranso.

Nditabwerera ulendo wina bwana analipo, ndipo kusaina ndi kudinda kunali kwa kanthawi kochepa kwambiri, moti ndinatuluka ndili wokwiya kuposa tsiku loyamba lija.

Zinazo mukuzidziwa: fomu, kulipira, kujambulidwa nkhope ndi zala, kenako kudikira. Mwayi wathu ngwoti ofesi ya Immigration ili konkuno ku Mangochi, sitikuyeneranso kupita ku Blantyre ngati kale. Mu 2024 boma linatsitsa mtengo wa pasipoti wamba kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, ndiye munthu akakuuzani mtengo wina panja pa geti, lowani mukafunse mkati. Madobadoba ndi ambiri, ndipo amakudziwa ukangotsika pa kabaza kuti uyu ngwachilendo. Wina ananditsatira akuti, "Mayi, mundipatse kenakake, mawa lomwe ituluka." Musampatse munthu chitupa chanu m'manja. Lipirani pomwe akuuzani a mu ofesi, risiti isungeni, ndipo ijambulitseni fotokope chifukwa inki yake imafufutika ikakhalitsa m'chikwama.

Ndaiwala kunena, afidaviti ija nayonso ichiteni fotokope musanaipereke. Ndipo ngati muli ndi mwana kapena m'bale amene akudzafuna pasipoti chaka chamawa, muuzeni ayang'ane tsiku lobadwa pa chitupa chake lero lomwe, akonzetse asanakhale pa changu.

Ndalama za kunja ndi mutu winanso. Ku banki amafuna pasipoti ndi tikiti kuti akugulitseni ma randi, ndiye dulani kaye tikiti. Koma kukhala ndi mapepala onse sikutanthauza kuti ndalamayo ilipo. Banki ina anandiuza kuti ndilembetse dzina ndizidikira. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kandalama komwe umaona ngati nkambiri kuno kamasanduka masamba ochepa chabe ukasintha. Ine ndinapeza pang'ono pongokwanira chakudya ndi zimbudzi za m'njira, zotsala mpongozi wanga akandipatsa konko.

Njira yake ndi yaitali: Blantyre, Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, mpaka Beitbridge. Chipata chilichonse chimadya malo m'pasipoti, kupita ndi kubwera, choncho amene muli ndi pasipoti yakale werengani masamba otsala, muonenso kuti yatsala ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Adilesi ya komwe mukupita ndi nambala ya amene akukakulandirani lembani papepala, osadalira foni yokha, chifukwa pofika pa Beitbridge batire limakhala litatha kalekale. Mwana wanga ananditumizira kalata pa WhatsApp yonena kuti ndikakhala kwa iye, ndinakasindikiza pamsika.

Chimene mwana wanga wandibwerezera kangapo pafoni ndi ichi: ife a Malawi timalowa South Africa popanda viza kwa masiku 30 okha, ndipo nthawi zina wodinda amalemba ochepera pamenepo. Akakubwezerani pasipoti, itseguleni pompo muone tsiku lomwe alemba. Mukapitirira ndi masiku osaposa 30 amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi, mukapitirira kuposa apo ndi zaka zisanu. Anyamata ambiri a kwathu kuno anatsekeredwa njira motero, ena akulephera kubwera ngakhale pa maliro a makolo awo poopa kuti sadzabwereranso ku ntchito. Ine tikiti yobwerera ndadula kale, ya tsiku lomwe lili mkati mwa masiku amenewo, ngakhale mdzukulu adzalire bwanji.

Za kunyumba musasiye za mawa. Fizi ya wamng'ono ndalipiriratu, feteleza ndasiya m'manja mwa mchemwali wanga, ndipo mankhwala anga a BP ndatenga okwanira ulendo wonse pamodzi ndi buku la kuchipatala, kuti wina akafunsa pachipata ndikhale ndi chomuonetsa. Fotokope ya pasipoti imodzi yatsala kwa mchemwali yemweyo, ina ili m'chikwama china chosiyana ndi momwe muli pasipoti yeniyeni.

Ndipo chonde, tsiku lobadwa lija. Pitani mukayang'ane panopa, ndipo ngati lasiyana, pezani nambala ya munthu wa ku boma kuno akakuonereni kaye ngati wosaina ndi chidindo chake alipo musanalipire galimoto.