Lipoti la ulendo wa ku Elephant Marsh, ndi nkhani ya kugunda kuja

Moni nonse mamembala. A Tcheya anati lipoti la ulendo wathu wokacheza ndi asodzi a ku Elephant Marsh ndilembe ine, nde ndi ili. Ndafulumira nalo chifukwa nkhani ya phokoso lomwe tinamva tili m'mabwato m'dambo muja yayamba kusinthasintha pa gulupu, ena akuti inali mvuu, ena omwe sanapiteko n'komwe akuti tinangonjenjemera ndi bingu basi. Ayi ndithu. Ine ndinali m'bwato lapakati, ndilemba mmene zinayendera ndipo amene analipo andichitire umboni.

Tinanyamuka pa Limbe kusanache, kutsetsereka zitunda za Chikwawa, pa Thabwa n'kukhotera kumanzere kutsata msewu wa East Bank. Kutentha kwa Okutobala ku chigwa kuja mukukudziwa nonse. Teyala linaphulika titangodutsa Masenjere koma anyamata athu anasintha mwachangu, a Wachiwiri atagwira jeke malaya ali chonyowa ndi thukuta, ndipo madzulo tinali titafika cha kwa Mchacha James.

Za chakudya ndiyenera kunena. Amayi a m'komiti ya asodzi anatiphikira nsima ya mapira, yofiirira, yolemera m'manja, ndiwo zake mlamba wowamba wotendera ndi makakana ootcha ongovuulidwa kumene tsiku lomwelo. Abusa athu omwe amati nsomba sadya kwenikweni anapempha yachiwiri, mboni zilipo kkkk. Anatilawitsanso nyika, zija amakumba pansi pa madzi, koma mayi wina anatiuza mosaseka kuti inu mukulawa pocheza, ife timadya zimenezi chaka cha njala ndipo kokazula kwake n'komwe kuli ng'ona. Tonse tinangoti zii.

Zophunzira zinali izi, a makalabu lembani. Dzina la Elephant Marsh linachokera kwa David Livingstone yemwe anadutsa pa Shire mu 1859 n'kuona njovu pafupifupi 800 malo amenewa, lero palibe ndi imodzi yomwe. Dambo lake ndi la mahekitala opitirira 61,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndipo mu 2017 linalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, kutsatira nyanja ya Chilwa yomwe inayamba kulowa. A komiti anadandaula za namasupuni wotseka njira za mabwato, anthu ophera nsomba maneti a udzudzu, komanso mchenga ndi matope omwe anakwirira mathamanda ena pambuyo pa namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023.

Tsopano nkhani yeniyeni. M'mawa mwake tinalowa m'madzi dzuwa likungotuluka, mabwato atatu, lililonse ndi wopalasa wake ataima kumbuyo ndi nsungwi yaitali yokankhira. Tinayenda m'tinjira topapatiza ta m'bango ndi gumbwa mpaka mudzi osaonekanso, netiweki nayo inathawa, kenako tinatulukira pa thamanda lalikulu lodzadza akakowa ndi atsekwe, nkhwazi ili pa mtengo wouma. Kunali bata, mphepo kulibe, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. A Sayansi anali akulozera mbalame ina pomwe tinamva guuu! Kugunda kolemera, kwapansi, ngati munthu wagwetsa mgolo wodzadza madzi pa simenti m'chipinda choyandikana, koma kukula kwake kodzadza dambo lonse. Ine ndinakumva m'chifuwa komanso m'thabwa lomwe ndinakhalira. Mbalame zonse zinadzambatuka kamodzi.

Tisanafunsane n'komwe kunagundanso kachiwiri, mwamphamvu kuposa poyamba. Apa ndi pomwe a Wachiwiri anadzuka kufuna kuona komwe zachokera, bwato lathu n'kupendekeka mpaka madzi kulowa m'mbali, chikwama cha Mayi Msungichuma chonyowa, ndipo madala amene amatipalasa anazika nsungwi m'matope n'kunena mawu amodzi okha osakweza, "Aphunzitsi, khalani pansi." Anakhala. Mamembala, ngozi ya tsiku limenelo inali imeneyi, chifukwa thamanda lomwelo tinali titaona ng'ona ziwiri zikuothera dzuwa ndipo malayifi jaketi tinali nawo anayi okha gulu lonse. M'bwato lakutsogolo amayi anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Kugunda kwachitatu kunabwera patapita kanthawi, kofooka, kenako basi.

Amene mukufunsa kuti bwanji palibe anajambula, mafoni onse anali omangidwa m'majumbo kuopa madzi, pomwe mnyamata wathu wa zithunzi amamaliza kumasula mfundo zonse zinali zitatha.

Mkangano unabuka madzulo pansi pa mtengo wa mango ndipo unatenga nthawi kuposa msonkhano wa komiti. Choyamba sitinagwirizane komwe kunachokera. A bwato lakutsogolo akuti kum'mawa ku mapiri a Thyolo, akumbuyo akuti kumadzulo, ife apakati tinamva pansi pathu. Za mvuu madala aja anakana kwamtuwagalu, anati mvuu imalira modukizadukiza kangapo motsatizana, komanso tinali titazimva kale usiku wonse tonse tikuzidziwa. Wina anati mfuti ya gogodera, koma mfuti imalira mokuthwa, siigwedeza thabwa. Wina anati gombe lagumuka, asodzi anati likagumuka mafunde amafika ndipo madzi amada, pomwe madzi athu anali phee. Za nzimbe zootchedwa ku Nchalo zinakanidwanso, moto wa nzimbe umathetheka ndipo utsi wake umaonekera patali.

A Sayansi anaima pa chivomerezi. Anafotokoza kuti chigwa cha Shire ndi mbali ya Rift Valley, chigwa chachikulu chomwe chinapangika nthaka itang'ambika, kuti m'munsi mwa mapiri a Thyolo mumadutsa mng'alu wa pansi pa nthaka, anakumbutsa chivomerezi chomwe chinagwedeza Nsanje mu Malichi 2018, n'kunena kuti chivomerezi chaching'ono chapafupi ndi pamwamba chimatha kumveka ngati kuphulika anthu osagwedezeka kwenikweni. Anaonjeza kuti m'mawa mpweya wozizira wapamwamba pa madzi umapindira mawu pansi, nde phokoso lakutali limafika lonse ndipo khutu limasokonezeka kolowera. Abusa anati zonsezo n'zabwino koma bwanji kumudzi mbale sizinagwe, a Sayansi anati ndanena kale kuti chaching'ono, mpaka mawu anakwera a Tcheya n'kulowererapo.

Pomwe wina anatchula Napolo moseka, Mayi Msungichuma anayankha mwaulemu koma nkhope itasintha. Iwo kwawo ndi ku Phalombe ndipo madzi a mu 1991 anawaona ndi maso ali mtsikana. Anati Napolo sagunda katatu n'kusiya, amabwera ndi mvula ndipo kulindima kwa miyala sikuduka. Anapempha kuti dzinalo tisamaseweretse, ndipo ine ndikupempha chimodzimodzi pa gulupu pano. Madala opalasa aja atafunsidwa anangoti anakumvapo kale nthawi zina, nyengo yotentha yomweyi kukakhala bata, ndipo iwo chomwe amachita ndi kuimitsa bwato n'kudikira.

Titabwerera a Sayansi anafufuza pa intaneti n'kupeza kuti sife oyamba. Ku Bangladesh kugunda kotere kumatchedwa mfuti za Barisal, ku America kuli kwa pa nyanja ya Seneca m'chigawo cha New York, ndipo akatswiri mpaka lero sanagwirizane chimodzi. Ine mtima wanga uli ku chivomerezi chifukwa cha mmene thabwa linanjenjemerera, koma mu lipoti ndikulemba chomwe tonse tingasainire: kunagunda katatu, kumwamba kuli koyera, madzi ali bata, ndipo tinamva tonse pamodzi ndi eni dambo.

Zikomo kwa opalasa athu atatu, makamaka madala aja, mphatso yomwe tinasonkha ija inachepa poyerekeza ndi ntchito yawo ndipo ndikupempha tionjezere akamabwera. Zikomo amayi ophika, a komiti ya asodzi, a mfumu potilandira, a hedi omwe anatipatsa kalasi yogonamo, adalaivala athu opirira fumbi, ndi Mayi Msungichuma omwe anayanika malisiti limodzilimodzi pa mwala mpaka onse kuwerengeka. A Wachiwiri dzina loti "Khalani Pansi" alilandira okha ndi manja awiri, nde ndi lololedwa.

Zotsala: asodzi adzabwera kudzationa mvula ikatha, omwe angalandire alendo kunyumba alembetse kwa a Tcheya. Zithunzi za mbalame tumizani kwa mnyamata wathu sabata ino. Ndipo pa msonkhano ukubwerawu ndabweretsa ganizo loti ndalama yotsala igule malayifi jaketi okwanira aliyense tisanalowenso m'bwato lililonse, bwerani mudzavote.