Mmene ndinasandukira Yunusu pa Chia

Ine kwathu ndi kumtunda, cha ku Mwansambo, kumene madzi akuya amene tinkawadziwa ndi a m'chitsime. Pa boma la Nkhotakota ndinafika ndevu zitamera kale, kudzasoka zovala pakhonde la sitolo ina, ndipo ngakhale ndatha zaka zisanu ndi zitatu kuno, nyanja ndimailemekeza ngati apongozi, kuionera patali basi. Chambo ndimadya, kondowole ndinamuzolowera mpaka ndimamulota ndikapita kumudzi, koma phazi langa linali lisanapondepo m'bwato. Ndanena izi poyambirira kuti mundimvereko chisoni, chifukwa kutsogoloku simundimveranso.

Zinayambira pa msonkhano wa akulu a mpingo ndi atsogoleri a magulu, Loweruka lina la mu Ogasiti. Nkhani inali yoti mpingo wathu wazizira. Mabenchi akumbuyo ankangosonkhanitsa fumbi, achinyamata akuthawira kumatchalitchi a makiyibodi, ndipo komiti yofalitsa uthenga inali itatha chaka ikukumana kuti igwirizane tsiku lokumananso. Abusa atafunsa maganizo, ine ndinadzuka. Sindikudziwa chimene ndinadya m'mawa umenewo, koma pakamwa panali poterera.

Ndinawakumbutsa kuti amishoni Murray ndi Vlok anafika ku Mvera mu 1889 opanda galimoto, opanda foni, owalandira ali malungo. Ndinawakumbutsa za mkuyu uja uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's, pamene David Livingstone anakhala pansi ndi Jumbe kukamba za malonda a akapolo. Kenako ndinasolola mpeni umene ndinausungira kumapeto, Bishopu Chauncy Maples wa Anglican, amene anamira panyanja yomweyi mu 1895 atangodzozedwa kumene, ndipo anaikidwa pa tchalitchi cha All Saints pompano, mtunda woti mwana akhoza kukafika ndi mbale ya ndiwo zisanazizire.

"Anzathu anafera m'madzi chifukwa cha uthenga," ndinatero ndikumenya benchi, "ife tikuopa kudumpha ngalande ya pamsika!"

Amayi ena anati ameni, wina mpaka analuluta pang'ono. Ndinakhala pansi mtima ukuvina chimtali. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Abusa athu ndi munthu wa mawu ochepa. Anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya tayi, nati: "Mwalankhula bwino, aPhiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kutsidya kwa kanyanja ka Chia kuli doko la asodzi limene sitinafikeko chaka chino. Mutsogolera ndinu."

A mlembi anali atalemba kale dzina langa ndisanameze malovu.

Ndinakonzekera masabata awiri. Mutu wa ulaliki unali wosachita kufunsa, asodzi a anthu, pa Mateyu 4:19, ndipo ndinaulemba masamba asanu ndi limodzi ndi bolopeni yabuluu. Aliyense wobwera kudzayesa diresi ankamva mfundo yoyamba ndi yachiwiri kwaulere. Vuto linali chovala. Jekete langa la Lamulungu linali litayamba kuwala m'zigongono, ndipo mtsogoleri sangapite kwa anthu akuoneka ngati wobwera kudzapempha bonya. Tsono alamu anga, achimwene awo a mayi a Chisomo, amene amagwira ntchito kuminda ya nzimbe ku Dwangwa, anali atandisiyira suti yawo ya ukwati kuti ndifupikitse thalauza. Ukwatiwo unali wa mu Okutobala. Suti yotuwa, yatsopano, mapewa ake oima ngati a nduna. Ndinadziuza kuti suti imene yayamba yapita kukalalika idzalowa mu ukwati ili yodala kale. Mayi a Chisomo ndinawauza kuti alamu andiloleza pafoni.

Chimkuzamawu cha mpingo ndinachitenga kwa a msungichuma, amene anandisainitsa m'kabuku ngati ndikutenga ngongole ya feteleza. Ndi chija cha lipenga, chokhala ndi lamba wa paphewa ndi kamaiki ka pachingwe chopiringizika. "Ichi chinadya mapepa sande awiri," anatero. "Chikanyowa, musavutike n'kubwerera."

Tinanyamuka m'bandakucha pa minibasi, kutsata M5 kulowera ku Salima, mpaka pa mlatho wa Chia pamene anyamata amakweza mipukutu ya chambo m'mwamba galimoto iliyonse ikamadutsa. Tinali amayi a Chigwirizano khumi m'zovala zawo zoyera ndi zakuda, mayi a Chisomo ali momwemo, anyamata a kwaya anayi, ndi ine. Boti la injini limene tinapangana nalo linali litapita kwina. Panatsala boti lamatabwa lopalasa, limene linadzaza ndi amayi ndi kwaya, ndi bwato limodzi. Anati mtsogoleri ayenera ulemu wokwera yekha.

Amene simunakwerepo bwato la kunyanja kuno, dziwani kuti ndi chipika chogoba, pakamwa pake popapatiza moti miyendo umailowetsa wina kutsogolo wina kumbuyo, n'kukhalira pamilomo pake. Ukangopuma kwambiri mbali imodzi, limamva. Wopalasa anali kamnyamata ka zaka ngati 14, kabudula wong'ambika, nkhafi m'manja. Kanandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tayi, n'kunena kuti: "Madala, chimodzi chokha. Musaimirire."

Ulendo unayenda bwino kuposa mmene ndinkaopera. Mwera unali utagona, madzi ali phee, amayi akuimba m'boti mawu akuyandama pamadzi. Mantha anayamba kusungunuka, ndipo pamalo pake panalowa chinthu china choopsa kuposa mantha. Ndinayamba kudziona. Suti ya nduna, lipenga paphewa, dzuwa likutuluka kutsogolo kwanga. Ndinkangolakalaka a msungichuma akanakhalapo.

Titayandikira doko ndinaona mathandala a usipa, amayi ogula nsomba atakhalira mabeseni awo, amuna ena akusoka ukonde, ena atazungulira bawo pansi pa mtengo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatukula mutu. Zinandiwawa. Pomwepo ndinakumbukira kuti pa Luka 5 Ambuye anaphunzitsa khamu ali m'ngalawa ya Simoni. Ndinati vesi limeneli lakwaniritsidwa lero. Kamaiki ndinakakoloweka pa tayi, batani ndinalikankhira poti lisazime, ndinasolola mwendo umodzi, n'kudzuka.

"Anthu a pa doko lino, mtende..."

"Re" uja anathera m'madzi.

Sindingafotokoze bwino dongosolo la zimene zinachitika, koma ndikukumbukira kuzizira, kukoma kwa matope, ndi nsapato imodzi ikutsanzika. Dzanja lamanja linachita nzeru palokha, linakweza lipenga m'mwamba, pakuti ngakhale pa imfa thupi langa linkaopa a msungichuma. Jekete linamwa madzi n'kuyamba kundikokera pansi, ndipo m'mutu munabwera Bishopu Maples, amene amati mkanjo wake ndi umene unamulemera. Ndinati basi, mbiri ija ndinkaopsezera nayo anzanga yabwera kudzanditenga. Kenako chinthu china chinandizinga mwendo. Chia ali ndi ng'ona, zimenezo aliyense amadziwa. Ndinatsinzina, mawondo nditawapinda pachifuwa, chibwano chokha chili pamwamba, ndipo ndinayamba kukonza nkhani zanga ndi Mwini moyo mwachangu.

"Atate, ndikhululukireni! Nthutumba ya nkhuku ya abusa pa Pasaka ndinadya ndine, sanali mphaka! Tsiku losala kudya ndinadya zitumbuwa zitatu kuseri kwa chigayo, zinayi, Atate, zinayi! K6,000 ya mafuta a jenereta sinagwe m'thumba, ndinabetchera mpira, timu yake n'kuluza! Suti iyi alamu sakudziwa! Nsalu ya madiresi a kwaya inatsala mamita awiri, ndi makatani aja ali kuchipinda kwathu!"

Ndinkamva mawu anga akubwerera kuchokera kumtunda, aakulu, omveka bwino ngati a pawailesi, koma ndinkayesa ndi mmene zimamvekera munthu akamawoloka Yordano.

Kenako ndinamva mawu ena aang'ono pafupi ndi khutu.

"Madala, imirirani."

"Unati ndisaimirire!"

"Muja munali m'bwato. Pano imirirani."

Ndinatambasula miyendo. Mapazi anagunda pansi. Nditaongoka, madzi anali kulekeza pa lamba. Kamnyamata kaja kanali kataima pambali panga, nkhafi paphewa, kakundiyang'ana ngati mbuzi yachilendo. Ng'ona ija inali chingwe chakale cha ukonde chokutidwa ndi namasupuni.

Chete amene anali pamenepo sindinamumvepo ngakhale pa maliro a mfumu. Bawo inaima. Osoka ukonde anaima singano zili m'mwamba. M'boti lamatabwa amayi khumi anali atatembenukira kwa ine, ndipo pakati pawo panali nkhope imodzi imene ndakhala nayo zaka khumi ndi ziwiri koma tsiku limenelo sindinaizindikire. Amayi amene anaphika nkhuku ya Pasaka, amene anakwapula mphaka wa kumanse ndi chikho pamaso pa alendo, anangoti: "Ndiye kuti ndinu." Batani linali likadali loyatsa, ndipo doko lonse linandimva ndikuyankha kuti, "Eya, amayi."

Apo m'pamene chiseko chinaphulika. Ana anagubuduka pamchenga. Mayi wina anagwetsa beseni la usipa osalitola.

Ndinatuluka m'madzi nsapato imodzi, lipenga lili louma bwinobwino, thumba la jekete likutuluka madzi abuluu. Umenewo unali ulaliki wanga wa masamba asanu ndi limodzi. Anandilandira ndi mkulu wina wa imvi, kofia kumutu, mwa Asilamu ambiri amene ali m'mbali mwa nyanja kuno kuyambira nthawi ya Jumbe. Sanaseke, ngakhale ndevu zake zinkagwedezeka. Ananditengera kuseri kwa khumbi lake, nandipatsa mkanjo woyera wosita bwino.

"Valani, bambo. Lachisanu linali dzulo, lero ukupuma." Ndikuvala anapitiriza: "Mneneri uja wa m'madzi ifenso timamudziwa, timati Yunusu. Kungoti iye inamumeza ndi nsomba. Inu akumezani ndi madzi a m'chiuno."

Suti anaiyanika pa thandala, pakati pa usipa.

Choncho ine, mtsogoleri wa ulendo wofalitsa uthenga, ndinaima pansi pa mtengo wa bawo nditavala mkanjo wa mzikiti, wopanda nsapato, wopanda pepala. Anthu anabwera onse, ngakhale amene anagona usiku wonse panyanja ndi nyali anadzutsidwa kuti adzaone. Ndinayamba za asodzi a anthu, koma mnyamata wina anakweza dzanja nati apa asodzi ndi amene asodza mlaliki. Wina anafunsa ngati nthutumba ija inali ya tambala kapena ya thadzi. Wina anafuna kudziwa timu imene ndinabetchera kuti ayipewe. Ndinalalikira mphindi mwina khumi, ndipo zimene ndinanena sindikuzikumbuka, kupatula kuti mawu akuti kulapa sindinafunike kuwamasulira.

Ntchito yeniyeni anagwira ndi amayi a Chigwirizano, ndivomere. Ine ndikunjenjemera padzuwa, iwo anamwazikana m'makhumbi. Anathandiza kutola usipa unagwa uja, anakaona agogo ena amene anali chigonere ndi kuwaphikira phala, anaimba ndi ana. Pobwerako anali ndi mayina a anthu angapo obatizidwa kale, ochokera kumtunda ngati ine, amene anabwera padoko kudzasaka ndalama n'kukhazikika, ndipo kutchalitchi anasiya chifukwa n'kutali komanso Lamulungu m'mawa amakhala akuchokera panyanja. Iwowo anapempha kuti tizibwera masana, ndipo anati mitengo ndi udzu wa kanyumba ka mapemphero apeza okha. Mkulu wa kofia uja anati ana ake awathandiza kusenza, bola mkanjo wake ubwerere wochapa.

Pobwerera ndinakwera boti lamatabwa, pansi penipeni, pakati pa mabeseni. Mayi a Chisomo sanandilankhule mpaka pa mlatho. Mu minibasi anangonena mawu amodzi: "Makatani."

Lachitatu ndinaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo. Nkhani inali itafika kale, inadzera pa WhatsApp ya kwaya, ndipo ndinamva kuti mnyamata wa besi anajambula kuyambira pa zitumbuwa. Abusa sanakalipe. Anatsegula Buku Lopatulika, nandipatsa, nati ndiwerenge Luka 5 vesi 3 mokweza, pang'onopang'ono. Ndinawerenga. Vesilo limati Ambuye atalowa m'ngalawa ya Simoni anakhala pansi, n'kumaphunzitsa ali chikhalire.

"Mwaona, aPhiri?" anatero abusa. "Ngakhale Iye amene anayenda pamadzi."

Chigamulo chinali chakuti ndibweze K6,000, ndisokere kwaya masikafu ndi nsalu yogula ndekha, ndipo ndipereke kumanse tambala wamoyo, kuti nthutumba ikatuluke pamaso pa mboni. Amayi aja anapempha kuti m'maminitsi mulembedwe kuti mphaka analibe mlandu, ndipo a mlembi analemba. A msungichuma anayesa chimkuzamawu katatu, nachipeza chili bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba chidziwireni anandigwira chanza.

Suti ndiyo sinachire. Itauma inafupika yokha kuposa mmene alamu anapemphera, manja a jekete akulekeza pamwamba pa wotchi, thumba lili ndi mapu abuluu ngati a nyanja yomweyo. Ndinaichapa kanayi koma fungo la usipa linakana, moti amphaka a m'dera lathu ankagona pansi pa chingwe choyanikira. Alamu atabwera kuchokera ku Dwangwa anainunkhiza, nandiyang'ana, nati nkhani yonse anaimva kale kwa kondakitala. Ndinasoka ina usiku kwa sabata yathunthu, nsalu ya ngongole imene ndikubwezabe.

Pamsika tsopano palibe amene amanditchula aPhiri. Akabaza amati a Yunusu, ana a Sande sukulu amati a Yunusu, ndipo Lamulungu lapitali abusa polengeza anaterereka lilime n'kunena chimodzimodzi. Ankalengeza kuti anthu a padoko atumiza uthenga kuti kanyumba kaja afolera, tipite mwezi wamawa, ndipo anenetsa kuti asabwere wina koma yemwe uja, ndi lipenga lake, chifukwa akukhulupirira kuti sanamalize. Olembetsa ulendowu afika kale 31, ena mwa iwo a mabenchi akumbuyo aja.

Usiku womwewo mayi a Chisomo anandiikira nsima, nakhala moyang'anana nane, chimene sachita kawirikawiri.

"Bambo a Chisomo, ku Chia mupita, sindikukuletsani. Koma zotsalazo mundiuziretu konkuno, chitseko chili chotseka. Yambani."